Nyimbo Imene Anaidula ndi Sizasi

Ozella Tubbs anaphunzira kuimba akuthyola thonje ku Mississippi. Anali kamtsikana kowonda, koma kakatsegula pakamwa anthu a munda wachitatu ankaweramuka. Amayi ake, a Vergie, ankafuna kuti mawuwo akhale a kwaya ya kutchalitchi. Iye anakonda blues, nyimbo za m'mabala zolira amuna othawa komanso madzi osefukira.

"Ukamaimbira Satana usandiitane," anatero a Vergie tsiku limene Ozella anakwera sitima ya ku Chicago. Ndipo liuma lake la mayi ameneyu! Zaka makumi awiri zimbale za Ozella zinkalira m'nyumba zonse za mumsewu wawo, kupatula imodzi.

Ozella anali mkazi wolimba, tisabise. Anaimba m'mabala a utsi, kugona m'basi poti mahotela sankalandira akuda, mpaka anthu a mafilimu anamuona. Poyamba ankangomupatsa mbali ya wantchito wa m'nyumba. Mu filimu ya 1948 anali wantchitobe, koma anamuvekanso diresi lonyezimira kuti aimbe nyimbo yathunthu, azungu akumuombera m'manja. Komabe mtima unkamuwawa, chifukwa amayi ake anali asanamumvepo akuimba blues.

Filimuyo itafika kwawo, anabwera yekha kudzawatenga.

"Amayi, valani chipewa cha kutchalitchi chija. Si ku bala ayi, ndi ku kanema."

"Kani Satana wamanga nyumba yaikulu masiku ano?" anatero a Vergie. Koma chipewacho anavala.

Masana a Loweruka anakwera masitepe akuseri kupita m'mwamba, kokhala akuda. Ozella anali atakhalitsa kumpoto, n'kuiwala kuti kwawo kuno eni makanema ankadula ndi sizasi paliponse pamene wakuda waoneka wolemekezeka. Mufilimumo Ozella anaoneka akupukuta tebulo. Anaoneka akutsegulira alendo chitseko. Pofika pa nyimbo paja, chithunzi chinangodumpha.

"Basi?" anafunsa a Vergie mokweza. "Zaka zonsezi unapita kukapukuta matebulo? Kunoko matebulo anatha?"

Anthu anafa nako kuseka. Ozella manyazi anamugwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo pake. Anaimirira mumdimamo n'kuyamba nyimbo ija pakamwa pokha, popanda piyano. Inali ya mwana wogogoda pakhomo pa amake, chitseko osatsegulidwa. Azungu apansi anatembenuka. Mlonda anabwera ndi tochi, koma palibe amene anapinda miyendo kuti adutse.

Atatha mzere woyamba, Ozella anapuma monga amachitira oimba blues, kudikira womuyankha. Tsiku lina lililonse m'mwambamo mukanaphulika mayankho. Tsikuli maso onse anali pa a Vergie.

Mayiwo anakonza chipewa chawo, n'kuchikonzanso. Kenaka anakweza dzanja limodzi ngati ali kutchalitchi.

"Imba, mwana iwe," anatero. "Ndikukumva."