Mabotolo Awiri a ku Kabwata

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kupha mng'ono wanga Mapalo.

Tinkakhala m'mafulati a ku Kabwata, m'chipinda cham'mwamba. Kwathu Lachisanu linali tsiku lokolopa, chifukwa dzuwa likangolowa Sabata inali itayamba ndipo panalibe amene ankagwiranso tsache. Tsikulo amayi anapita ku Kamwala kukaoda nsalu, nandisiyira nyumba ndi Mapalo, amene anali atangoyamba kukwawa.

M'chimbudzi mwathu munali litsiro lachikasu lokana kuchoka. Ndinkafuna kuti amayi akabwera adabwe. Ndinathira mankhwala otsukira chimbudzi, kenako ndinawonjezera bulichi wochapira zovala zoyera, poganiza kuti mphamvu ichuluka. Ndinatseka chitseko kuti mwana asalowe, n'kugwada ndi bulashi.

Madzi aja anayamba kuchita thovu. Fungo limene linatuluka silinali la botolo loyamba, silinalinso la botolo lachiwiri. Linali lachilendo, lobaya m'mphuno. Misozi inayamba kutsika yokha, pakhosi pakuyabwa ngati ndameza tsabola. Ndinadziuza kuti mankhwala amphamvu amatero, ndipo ndinapitiriza kukwecha. Zenera linali lotseka chifukwa cha fumbi la mu Ogasiti.

Chimene chinandiimitsa ndi chifuwa cha Mapalo. Anali atagona chafufumimba kuseri kwa chitseko, nkhope ili pa mpata wapansi, tizala take tikundifunafuna. Sankalira. Ankangotsokomola motsitsa, kenako n'kukhala chete nthawi yaitali.

Ndinamunyamula n'kutulukira pakhonde, nanenso mpweya ukukana kulowa. Ba Mwila, neba wathu wachikulire amene anagwirapo ntchito kumigodi ku Kopala, ankakwera masitepe. Ananunkhiza kamodzi kokha, nkhope yawo n'kusintha.

"Iwe, wasakaniza chani?"

Ndinangoloza kuchimbudzi. Anatitsitsira pabwalo, nadzimanga thaulo lonyowa kumphuno, nakatsegula mazenera onse. Kenako anaimitsa takisi. Mapalo anagona m'chipatala masiku awiri, ali ndi kapaipi m'mphuno. Amayi sanandimenye, sanandikalipirenso, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikwapu.

Mapalo atatuluka, ba Mwila anandikhazika pamasitepe paja, nandiuza za mchele ndi madzi m'kayankhulidwe kawo ka m'tauni.

"Mwana wanga, ukaika mchele mu manzi, manzi yakauma mchele ubwela. Ni mchele chabe. Koma vinangu ukaviika pamodzi vibala chinthu chinangu, chamene sunagule ku shopu. Chija sichibwelela mu botolo."

Patapita zaka, kusekondale, aphunzitsi a sayansi anatiphunzitsa zomwezo: pali kusintha kwa maonekedwe chabe, monga ayezi akasungunuka n'kukhala madzi, ndipo pali kusintha kobala chinthu chatsopano, monga pepala likapsa. Anzanga ankalemba m'makope akuyasamula. Ine ndinalemba liwu lililonse, ndikukumbukira chimbudzi chija.

Lero Mapalo ndi mayi wa ana awiri, ndipo sakumbukira kanthu. Ine ndimakumbukira, ndipo chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mankhwala salabadira zoti munthu ali ndi cholinga chabwino. Chinanso, thupi limachenjeza nthawi ikadalipo, ndipo woganiza kuti akudziwa ndiye amalinyalanyaza. Ana anga amaseka akandiona ndikuwerenga zolembedwa pabotolo lililonse, ngakhale la sopo wotsukira mbale. Ndimawasiya aseke, koma ndimawerenga mpaka mzere womaliza.