Ndinakana Kuyendetsa Malilo a Apongozi Anga

Ine ndine dalaivala wa lole. Kwathu ndi ku Kaumbwe, koma ndinakwatila kupitilila Nyimba, kumapili a cha ku Kacholola. Masiku amenewo ndinkagwila ntchito kwa bwana wina wogula chimanga ndi thonje pa boma la Petauke. Anzanga ankandiseka kuti m'mawa uliwonse ndimafunsila lole mbeta, poti sindinkanyamuka ndisanaizungulile. Ndinkamenya matayala, kusuzumila pansi, kenako kudzaza mphepo, kuzimitsa injini ndi kuponda buleki nditatchela khutu. Mabuleki a lole amagwila ndi mphepo, ndipo mphepoyo ikamathawa imalila ngati njoka. Iwo ankaseka, ine nkumati sekani, khosi ndi langa.

Apongozi anga aakazi anamwalila kuchipatala cha pa boma, mvula itangosiya. Anali mai abwino, ndinkawakonda ngati ondibala. Bwana anandibweleka lole kuti tipeleke thupi kumudzi. Koma sabata yonse ya matendayo ine ndinali kuchipatala ndi mkazi wanga, ndipo loleyo inkayenda ndi dalaivala mnzanga kokatuta chimanga ku Sandwe, msewu wogwedeza mano m'kamwa uja. Iyeyo ndiye anaibweletsa kumochale, kosungila mitembo, m'mawa wa ulendo, nkusiya kiyi, nkupita.

Pamene ndinkatuluka m'katimo, bokosi anali atalikweza kale. Anthu anadzaza kumbuyo mpaka ena kukhala pamwamba pa zitsulo za m'mbali. Amai a kutchalitchi anazungulila bokosi akuimba, mkazi wanga ali pakati pawo, mutu uli pamaondo. Ndinaliza injini. Singano yoonetsa mphepo ya mabuleki inakwela, koma mwaulesi. Ndinazimitsa nkuponda buleki, singano ija nkuyamba kutsika ndikuipenya. Ndinayesa kumvetsela, koma ndi nyimbo ija palibe chimene chinkamveka.

Ndinaima pachitseko nkuti, "Amai, pepani, taimitsani nyimbo pang'ono." Palibe anandimva. Ndinabweleza, palibe. Ndiye ndinamenya chitsulo cha lole ndi sipanala nkukuwa, "Takhalani chete!"

Nyimbo inaduka pakati. Ha, maso amene anandiyang'ana! Kuletsa nyimbo ya malilo, mkamwininso, pamaso pa bokosi la apongozi ake. Koma m'bata limenelo ndinaimva mphepo ikuthawa cha kumatayala a kumbuyo. Ndinakwawila pansi ndi malaya anga oyela. Paipi imodzi inali itakhulika pachitsulo mpaka kubooka, wina nkuikulunga ndi legeni, mphila ya chubu ija timamangila katundu panjinga. Ina anaipinda nkuimanga ndi waya, kutanthauza kuti matayala a mbali imeneyo analibiletu buleki. Ndinamutukwana mnzanga uja chamumtima, mawu oti sindingawalembe pano.

Nditatuluka ndinapeza amalume a mkazi wanga, eni mbumba, ataima pafupi ndi tayala.

"Akamwini, tachedwa. Kumudzi manda akumba kale."

"Bambo, galimoto iyi siyenda," ndinatelo.

Akuluakulu anayang'anana. Kwathu kuno galimoto ya malilo ikakana kuyenda, anthu amati malemu ndiwo akukana, pali wina amene anawakwiyitsa. Mkulu wina anavula chipewa, nkukwela, nkugwada pambali pa bokosi. "Amai," anatelo akusisita thabwa, "ngati pali amene anakulakwilani, tikakamba kumudzi. Masulani galimoto, tiyeni kwanu." Anthu anayamba kuponyelana maso. Mng'ono wake wa mkazi wanga, amene sanabwele kudzazonda matenda, anayamba kulila mokweza, poti aliyense ankayang'ana iye. Kenako amalume aja anati, "Tawapepesa. Yesani tsopano, akamwini."

Apa ndinakalipa. "Amai sanakane kanthu! Musawanamizile, agona. Musamunamizilenso mwana wawoyo. Amene akukana ndine! Injini ili bwinobwino, ndikafuna tichoka pompano. Koma mabuleki mulibe, ndipo tikafika pamitsetse ya kupitilila Nyimba sitikaima."

"Muyende ndi giya yaing'ono," anatelo amalume. "Anzanu amatelo. Nanga mnzanuyo wafika nayo bwanji pano?"

"Wafika nayo ilibe katundu, pamsewu wopanda phili. Tawelengani mitu ili kumbuyoko."

"Mulungu atitsogolela."

"Mulunguyo ndiye anandipatsa makutu, bambo."

Ndinawapempha kuti tipeze galimoto ina tisamutsile bokosi. Zosatheka, anatelo, bokosi likakwela silitsika mpaka kwawo. Chabwino, ndiye tidikile ndikonze. Zosathekanso, manda okumba sagona osakwilila. Kumanzele mwambo, kumanja mwambo, pakati ine ndi paipi yanga yobooka. Mlamu wanga wamwamuna, amene anayendetsapo thilakita pa famu ina, anatambasula dzanja nkuti ndimupatse kiyi ayendetse yekha. Ndinaika kiyiyo m'sokosi. Ndinamuuza kuti akamufuna ayambe wandimenya pamaso pa mai ake.

Pamenepo mkazi wanga anatsika m'lole. Sanakuwe. Bwenzi atakuwa zikanandipepukila. Anabwela pafupi, maso atatupa, nkulankhula motsitsa mawu kuti ndimve ndekha.

"Atate a ana, mai anga sanakumanenipo kanthu. Lelo mukuwamana njila yopita kwawo? Akapanda kuikidwa lelo, ine ndi inu zatha."

Ndinamudziwa mkazi wanga, sankaopseza pachabe. Ndinayang'ana kumbuyo kwa lole, kumene ana athu anakhala pambali pa bokosi la ambuye awo, miyendo ili lendelende. Ndinati, "Amake ana, ndamva. Koma sindiyenda."

Ndinasuntha lole pang'onopang'ono mpaka pamthunzi wa mtengo, nkuika miyala kumatayala, nkukwela njinga ya hayala kupita kumagalaji. Paipi ndinaipeza msanga, koma zolumikizila zake zinandizunguza boma lonse, uyu akuti pitani kwa uje, uje akuti zinatha dzulo. Ndinabwela ndi makaniko, tonse awili nkulowa pansi. Anthu anakhala m'mithunzi, kundipatsa misana. Amai ena anagula mabanzi ndi zakumwa nkugawana, ine osandiponyela ngakhale madzi. Wina ananena mokweza kuti akamwini a masiku ano akangogwila chiwongolelo amadziyesa mafumu. Ndinayankha ndili pansi pomwepo kuti amene wathamanga ayambe wapansi, msewu suli wanga.

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Ndinadzaza mphepo, kuzimitsa, kuponda. Singano inaima nji. Ndinapondanso kangapo, kumvetsela, kuli zii. Ndiye ndinati kwelani.

Tinadutsa Nyimba, nkuyamba kutsika mapili aja. Amene sanayendetsepo lole yodzaza anthu pamtsetse sangadziwe mmene imakankhila, ngati ng'ombe yaona madzi. Pakona iliyonse ndinkaponda, lole nkumvela. Palibe chimene chinachitika, ndipo palibe amene anaona chachilendo, poti buleki ikagwila palibe amaithokoza. Kumbuyo ankaimba. Ine kutsogolo misozi inayamba kutsika, ndipo mpamene ndinawalila apongozi anga tsiku lonselo.

Kumudzi tinafika dzuwa likulowa. Sakanaika malilo nthawi imeneyo, choncho manda anagona osakwilila. Anthu ochokela kutali ena anali atabwelela, chakudya chinali chitazizila m'mabeseni, ndipo nkhani yanga inafika m'nyumba iliyonse ndisanatsike n'komwe m'lole. Tinawaika m'mawa mwake. Dothi ndinathila nawo, ngakhale ena ankandilanda fosholo.

Tsiku lometa, abale atasonkhana pabwalo la nyumba ya malemu, amalume anandiitana pakati. Anati mlandu wanga ngwaukulu, koma iwo si anthu oipa mtima. Ndingogwada, ndivomele kuti ndinalakwa poletsa nyimbo ndi pokana kuyenda, basi, nditenge mkazi wanga tizipita.

Ndinagwada. Ndinati, "Pa nyimbo ija ndapepesa, ndinakuwa ngati ndili kudibi la ng'ombe. Kuti manda anagona osakwilila zikundipweteka inenso, anali mai anga. Koma pokana kuyenda sindinalakwe. Mukandipatsanso mawa lole yotelo, ndidzakananso."

Pabwalo panamveka phokoso. Wina anati ndi mwano, wina anati ndi mankhwala a bwana wake. Amalume anakweza dzanja nkuuza mkazi wanga kuti alankhule yekha. Iye anandiyang'ana koyamba chichokele ku Petauke, mutu wake uli wometa.

"Mawu amodzi okha," anatelo. "Ngakhale onama. Nenani chifukwa cha ine."

Abale anga, palibe mtsetse umene unandiopsapo ngati mawu amenewo. Pakamwa panatseguka, lilime nkutsala pang'ono kunena. Koma pabwalopo panali anyamata a m'mudzi amene amayendetsa timagalimoto ta makala ndi ta nthochi, atatchela makutu. Ndikanati ndinalakwa, iwo akanamva kuti akuluakulu akalamula, dalaivala amayenda ngakhale buleki ili ya legeni. Ndipo ine ndemwe, tsiku lina bwana atandikakamiza, ndikanakumbuka kuti ndinagonjapo kale.

"Amake ana," ndinatelo, "china chilichonse ndipempheni. Ichi ayi."

Anadzuka nkulowa m'nyumba ya mai ake. Ine ndinabwelela ku Petauke ndi lole yopanda munthu. Dalaivala mnzanga uja ndinakamupeza pamalo ogulila chimanga, nkumuponyela legeni yake kumaso anthu akuona, ndipo bwana ndinamuuza kuti akadzalolanso zimenezi adzayendetse yekha.

Ndinkayesa kuti mkwiyo wa malilo utha pakapita mwezi. Ndinatuma ankhoswe, anabwelako chimanjamanja. Ndinatumanso, yankho lomwelo: agwade anene kuti analakwa. Zaka zapita tsopano. Ana amabwela kwa ine sukulu akatsekela, wamkuluyo watalika kundiposa. Mai awo amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu pa Nyimba, pamodzi ndi azimai ena aja amathamangila mabasi.

Ndikamadutsa ndi katundu wa ku Lusaka ndimaima pomwepo. Anzake amamukodola, iye nkubwela ndi lichelo pamutu, poti malonda sasankha munthu. Amandipatsila nthochi pawindo osandiyang'ana, moni wake ndi wa mlendo. Zimandipweteka, sindinama, ndipo ulendo wonse wa m'mapili ndimayenda ndikumuganizila. Koma ndikamachoka ndimamuona pagalasi akubwelela kwa anzake, akuyenda ndi miyendo yake iwili. Andide choncho, bola ali moyo, akuyenda.