Uthenga umene ndinatumiza ndekha kwa mdzukulu wanga

Tsiku limene ndinkanyamuka ku Ntcheu kudzakhala ndi mwana wanga kuno ku Nairobi, mlamu wanga a Nachisale anandikokera kuseri kwa basi. Anati, "Mlamu, kunjako munthu akakupatsani moni m'Chichewa, muyambe mwagwira chikwama, kenako muyankhe."

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zonsezi. Mlonda wa pageti lathu ku Syokimau sadziwa tsiku limene ndimachoka. Wa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto wa kuno, ndimayamba ndajambula nambala yake ndisanakwere. Ngakhale mankhwala a kuchipatala ndimawerengetsa anthu awiri ndisanamwe. Inu amene mumawerenga danga lino mukundidziwa.

Koma sabata ino ndapusa, ndipo palibe amene anathyola chitseko. Ndinatsegula ndekha.

Lolemba m'mawa, pa gulupu yathu ya pafoni ya amayi a mvano Achimalawi, mlembi wathu Mayi Kamwendo anaponya uthenga. Unayamba mwaulemu: "Mwadzuka bwanji makolo athu?" Kenako unati kampani ina ikufuna atsikana ooneka bwino oti akhale mamodelo a pa intaneti. Ntchito yake ya pakhomo, foni yabwino apereka okha, sukulu sisokonekera. Kumapeto kunali mawu akuti, "Tithandizane ife akumudzi."

Pansi pake amayi anandanda. Amen. Amen. Mulungu atsegule makomo.

Ine modelo ndimadziwa kuti ndi mtsikana wovala diresi la chitenje, dzanja m'chiuno, kuti telala apeze makasitomala. Ndinautumiza kwa mdzukulu wanga Tadala, wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, amene akuphunzira ku yunivesite ku Kahawa. Ndinawonjezeranso mawu anga: "Yesako mwayi, agogo ako akupemphera."

Lachinayi masana Tadala anatulukira pakhomo osanena. Anandipeza ndikusita.

"Agogo, udobadoba mwayamba liti?"

"Ukunena ine?"

"Inu nomwe. Khalani pansi, valani magalasi."

Anandipatsa foni yake. Amene ankacheza naye ankadzitcha Anti Memo, akuti kwawo ndi ku Zomba. Chichewa chake chosalala, cha munthu woleredwa. Poyamba anapempha chithunzi cha nkhope. Kenako cha thupi lonse, ataima. Kenako china atagwira pasipoti pafupi ndi tsaya, akuti n'cha ku ofesi. Zonsezo zitapita, m'pamene ntchito inatchulidwa dzina.

Ndinena mosabisa, chifukwa kubisa n'kumene kwatifikitsa apa. Ntchito yake ndi kujambulitsa zithunzi ndi makanema uli maliseche, zoti azibambo a kumayiko ena azilipira kuti aone. Tsamba amatsegula a kampani. Nambala yachinsinsi yolowera amasunga a kampani. Oyankha makasitomala aja ndi antchito a kampani, kudziyesa mtsikanayo. Iye chake ndi thupi basi. Ndipo akabweretsa mnzake, akuti pali kangachepe.

Ndinavula magalasi.

"Pasipoti ija unatumizadi?"

"Lachiwiri."

"Iwe wophunzira iwe, osafunsa?"

"Ukanachokera kwa wina ndikanafunsa, agogo. Koma inu? Inu amene mumanunkhiza mkaka wa m'sitolo?"

Ankaseka. Simbi inatsala pang'ono kupsereza malaya a mpongozi wanga.

Tadala anakana ntchitoyo tsiku lomwe anaidziwa. Koma Anti Memo sanakwiye. Anangoyankha kuti, "Usaope chemwali, bwera Loweruka ku ofesi yathu m'nyumba yosanja ku Hurlingham tidzacheze, zithunzi zako tidzafufute uli pompo." Ndiye taganizani. Nkhope ya mwana, thupi lake, dzina lake lonse, nambala ya pasipoti, zonse zili m'foni ya munthu amene sitinamuonepo. Ndipo kuti azifufute, akufuna mwanayo akwere masitepe a nyumba yosanja, yekha.

Madzulo ake ndinaimbira Mayi Kamwendo.

"Amayi, uthenga uja munautenga kuti?"

"Pa gulupu ya zamaliro ija."

"Anaponya ndani?"

"Nambala yake sindinaisunge. Koma inu a Nangozo, ameneyo ndi wakwathu. Simunaone mmene analembera?"

Ndinaona. N'chifukwa chake ndikulemba.

Ife Amalawi a kuno tili ndi chizolowezi chokoma, ndipo n'chimene chatilumitsa. Tikamva za ntchito, sitigona nayo nkhani. Timadziwa mmene ana athu akuvutikira, lendi ya ku Kahawa, maminibasi a kuno otchedwa matatu, chakudya. Ndiye chala chimathamanga kuposa mutu. Uthenga ukachokera kwa munthu wamkulu mu mpingo, ndani angafunse kuti, "Amayi, mwaufufuza?" Kumaoneka ngati mwano. Timangolemba Amen n'kupatsira wina. Ukamafika kwa mwana, wadutsa m'manja mwa mlembi wa mvano, mwa mayi busa, mwa agogo ake. Wasambitsidwa katatu. Mwana akayikire chiyani?

Anthu awa atiphunzira bwino. Akudziwa kuti mtsikana wa masiku ano akalandira uthenga kwa mlendo pa masamba a mchezo, amaufufuta. Ndiye asiya kugogoda kwa ana. Akugogoda kwa ife.

Wina anena kuti Tadala ndi wamkulu, thupi ndi lake. Iyenso anandiuza zomwezo, kuti ali ndi anzake amene akuchita ntchitoyi ndi maso awo otsegula, ndipo ndisawaweruze. Chabwino. Guwa ndasiyira abusa. Koma ndiyankheni ichi: ngati ntchitoyo ilibe chobisa, bwanji amayamba atenga pasipoti asanaitchule? Bwanji kiyi amasunga iwo? Mtsikana akadzatopa, kapena akadzafuna ntchito ya uphunzitsi ku Lilongwe, adzagogoda kwa yani kuti zithunzi zija zichotsedwe? Anti Memo adzakhala atasintha nambala, atasanduka Anti Chisomo wa ku Dedza.

Safunsa anadya phula. Ine ndadya, ndipo ndadyetsa mdzukulu.

Lachisanu m'mawa ndinalemba pa gulupu paja zonse monga ndalembera pano, dzina langa poyera. Patapita nthawi amayi awiri anandiimbira kumbali, aliyense akunong'ona. Nawonso anatumiza kwa ana awo. Mmodzi mpaka pano mwana wake sakuyankha foni. Enanu amene munangowerenga n'kukhala chete, manyazi anuwo akutchinjiriza yani? Imbirani mwana lero. Musayambe ndi kukalipa. Yambani ndi kunena kuti wolakwa ndinu.

Ndipo kuyambira pano, uthenga wa ntchito ukafika pa gulupu iliyonse imene ndilimo, ndizifunsa poyera amene wautumiza ngati akumudziwa mwini wake maso ndi maso. Akhale mlembi, akhale mayi busa. Mundide, ndazolowera.

Za Loweruka tagwirizana motere. Mayi ake a Tadala atenga mauthenga onse kupita nawo kupolisi. Tadala anati ku Hurlingham apita yekha, kuti ine ndingamuchititse manyazi. Ndinamuuza kuti manyazi ndinamuchititsa kale Lolemba, otsalawo ndi aang'ono. Tikwera sitima limodzi pa Syokimau, kenako matatu mpaka msewu wa Argwings Kodhek. Masitepe sitikwera. Ndamulembera ndekha Anti Memo kuti atipeze pa malo odyera a m'mphepete mwa msewu, masana, pamene pali anthu. Ndikavala yunifolomu yanga ya mvano, kuti aone bwino amene anamugwiritsa ntchito.

Mwina sabwera. Mwina abwera ndi amuna awiri. Ndikudziwanso kuti chithunzi akachifufuta pamaso panga, chikhoza kukhala chitasungidwa kwina. Koma mwanayu ndinamukankhira ine, ndipo sakakhala pa mpando umenewo yekha.

Mawondo angawa si a kale, ndipo shuga amandivuta ndikapsa mtima. Choncho ndikupempha chinthu chimene sindinapemphepo m'danga lino. Lamulungu mukaona malo anga pa benchi lachitatu m'tchalitchi ali opanda munthu, musangoganiza kuti ndatopa. Mukaweruka mubwere ku Syokimau mudzandizonde. Ndikufunsani mafunso pageti, ameneyo ndiye ine. Koma mubwere.