Msewu wathu atausamutsa

Bambo anga anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili wamng'ono. Tinakhazikika ku Croydon, kudziko la Angerezi, mumsewu womwe akukhalabe mpaka lero. Tsiku la chisankho ankavala suti, ngakhale povotera pali pafupi, mu holo ya tchalitchi kuseri kwa nyumba.

Kwa zaka zambiri analibe nazo ntchito kuti phungu wa dera lathu ndani. Zipani zinkalandana mpandowo, iwo n'kumangoti bola palibe wowaimitsa panjira kuwafunsa khadi la chipani.

Zinasintha mayi atamwalira. Phungu wa nthawiyo, mzimayi, anamva za malirowo kwa abusa ndipo anabwera kunyumba. Anapeza mipando tatulutsa, azimayi akhala pansi akuimba. Anavula nsapato n'kukhala nawo pansi pomwepo. Sanakhalitse, koma bambo anaona.

"Ameneyu watilira," anandiuza titaika maliro. "Voti yanga ndi yake mpaka ndidzafe."

Anasungadi mawuwo. Koma chisankho chapitachi chisanafike, malire a madera anadulidwanso. Msewu wathu unagwera dera lina, phungu uja n'kutsala kutsidya kwa malire atsopanowo. Ndinawafotokozera kangapo.

"Nyumba yasuntha?" anafunsa.

"Ayi, bambo."

"Nanga tchalitchi?"

"Ili pomwepo."

"Ndiye usandisokose. Sita malaya."

Ndinasita. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lawo. Analandira pepala n'kulowa m'kachipinda, ine ndinavota msanga n'kukawadikira pakhomo. Anachedwa. Ndinkaona msana wawo wokha, atawerama, akutsitsa chala papepala, kenako n'kuyambiranso pamwamba. Pomaliza analipinda n'kuliponya m'bokosi.

"Mwasankha ndani?" ndinafunsa tili panja.

"Ndisankhe ndani? Onsewo ankawadziwa amayi ako?"

Sanachonge paliponse. Ndinkayesa tikubwerera kunyumba, koma iwo analunjika pokwerera tiramu, sitima yoyenda mumsewu. Anati munthu amene anakhala pansi pamaliro ako sumusiya chinunu, umapita kukapepesa.

Ofesi ya phungu uja inali pakati pa golosale ndi malo ometera. Mwini wake kunalibe, anali m'misewu kugogoda m'makomo. Tinapeza bambo wina wotopa, makapu a tiyi ali mbwee patebulo. Bambo anga Chingerezi amachidziwa kuposa ine, koma tsikulo anavula chipewa n'kuyankhula Chichewa, ine ndikumasulira.

"Uwauze kuti sindinawathawe. Dzina lawo ndalifuna, sindinalipeze."

Munthuyo anamwetulira mwaulemu. Anafunsa dzina la msewu wathu, n'kunena kuti pepani, tsopano tili ndi phungu wina, ndipo ngati pali vuto tikaonane ndi ameneyo.

"Akuti chiyani?" anandifunsa bambo, ngakhale anamva.

"Akuti uthenga aupereka."

"Usandinamize, iwe. Ndinakuphunzitsa ndine chizungucho."

Mutiramu pobwerera tinadutsa pamene pali malire atsopanowo, pomwe palibe chizindikiro chilichonse. Kenako bambo anati, "Kumudzi ndinachoka ndi miyendo yanga. Kuno andichotsa ndili khale pampando."

Patapita nthawi kunabwera chisankho cha makhansala. Ndinapempha kuweruka msanga kuntchito, n'kupita kukawatenga. Ndinawapeza avala juzi ndi masilipasi, akumvera wailesi. Suti inali m'kabati, m'pulasitiki yake.

"Pita wekha," anatero. "Pobwera undigulire mkaka."