Tsiku Limene Ndinayasama Pamaso pa Ana a Sitandade 4

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi anzanga ogulitsa mandasi, mayi amene takhala nawo zaka zambiri pa geti la sukulu ya pulayimale kuno ku Chibanja, iwo ndi mandasi awo, ine ndi beseni langa la maswiti, chingamu ndi mafirizi. Tsikulo kunali kamvula kathu kaja ka ku Mzuzu, kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendayenda m'mwamba, ndipo nkhungu inali itabisa mapiri a ku Kaning'ina. Ndinawaona akutsika pa kabaza njinga isanaime bwino, chitenje chikukoka matope.

"Monire amama! Imirirani, imirirani, mwana wanu amusankha!" anakuwa akadali tsidya la msewu. "Mphwanga waona dzina lake pa foni. Sukulu ya zaumoyo, ku Lilongwe!"

Ndinagwada pomwepo m'matopemo. Nditamaliza kuyamika Mulungu ndinafunsa kuti, "Ndiye unamwino uja eti?"

Anzangawo anakanda m'mutu. "Ayi amama, akuti za mano."

"Za mano?"

"Za mano chomene. Kaya n'kuzula, kaya n'kuwerenga, tikamva kwa mwiniwake."

Tinaseka, ine nditaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje monga mwa chizolowezi changa. Ndifotokoze apa za chizolowezichi, chifukwa nkhani yanga yagona pamenepa. Mano anga awiri am'mwamba, chakutsogolo kuno, anachoka kalekale, ndipo am'mbali angapo ndi obowoka. Pa geti paja m'mawa kumazizira, ndiye maswiti osweka amene mwana sangagule ndinkangowaponya m'kamwa, tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka. Dzino likayamba kuwawa ndinkavumata madzi amchere, likapitiriza ndinkaphwanya piritsi n'kuliika pabowopo, tsaya likatupa m'pamene ndinkapita kuchipatala kukazulitsa. Kwathu ku Nkhata Bay tinakula tikudziwa kuti dzino lodwala mankhwala ake n'kuzula basi. Ndiye ndikamaseka ndinkabisa pakamwa, ndipo mu kwaya ya amayi ndinkaimba nditaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndine wodzichepetsa.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe ndi nthungululu. Bambo ake a mwana, amene ndi mmisiri wa matabwa, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kuzula mano ngakhale ine ndimatha ndi pulayala yanga ija, koma palibe anandipatsa satifiketi. Adikire chaka chamawa, ayesenso za unamwino."

Mwana wanga anangoyang'ana pansi. Iye ndi wachisamba, mtsikana wofatsa, wosakonda kuyankha akuluakulu. Koma ine mawu akuti chaka chamawa ndimawadziwa. Ndili Sitandade 6 anandiuza kuti ndikhale kaye chaka chimodzi ndithandize pakhomo, chaka chamawa ndibwerera kusukulu. Mpaka lero imvi zayamba, chaka chamawacho sichinafike. Ndinawauza bambowo mwaulemu koma mosatembenuka kuti, "Abambo, khomo limene Mulungu watsegula ndi ili. Lina ndi limene tikuliganizira ife. Mwana apita."

Anapitadi. Tsiku lonyamuka ndinamukazingira mtedza, ndinamugulira juzi, ndipo pansi pa chikwama ndinamuikira paketi yathunthu ya maswiti a mkaka, aja amene ankawakonda ali wamng'ono. Mwana wokaphunzira za mano ndinamupatsa kamba wa maswiti! Panthawiyo sindinaonepo chachilendo. Chimene ndinali nacho m'manja n'chimene ndinapereka.

Akabwera patchuthi ankatifotokozera. Akuti kuzula ndi ntchito yomaliza, pamene zina zonse zakanika. Amaphunzira kutsuka mano ndi zitsulo, kuchotsa zouma zija zimene zimamatirira m'mbali mwa usinini, kumata dzino lobowoka lisanafike powawa, komanso kuphunzitsa anthu kusamala m'kamwa. Bambo ake anayamba kutchera khutu tsiku limene anawauza kuti dzino amalimata ngati mmene iwo amamatira mng'alu wa thabwa. Mswachi wawo, umene unali utasakaza ngati tsache lakale, anawasinthitsa. Koma za beseni langa sanatchulepo. Ndinkangomuona akuliyang'ana pang'ono, n'kutembenuza nkhope.

Chaka chachitatu anamutumiza kuno kwathu kuti adzaphunzirire ntchito pachipatala china cha m'tauni muno. Ndinkanyadira kumuona m'mawa atavala zoyera, akudikira kabaza pamsewu. Masana ena anafika kunyumba msanga, ine ndili pakhonde ndikumanga mafirizi, manja ofiira ndi madzi a shuga. Anakhala pambali panga osavula nsapato.

"Amama, Lachisanu likubwerali ndili ndi mayeso. Akufuna ndikaphunzitse ana asukulu za mano, amene amatiyang'anira akhale kumbuyo akundipatsa malikisi. Amene walephera gawo limeneli sakhala nawo pa mayeso omaliza."

"Ndiye ukhoza iwe. Ukapita sukulu iti?"

Anatchula sukulu yathu yomweyi, ya pa geti langa.

"Ndinayesa kupempha andisinthe, akana," anatero. "Ndangoganiza zoti ndinene kuti ndadwala."

Ndinasiya kumanga. "Iwe, bodza? Chifukwa chiyani?"

"Amama, ana aja amandidziwa. Amanditchula kuti mwana wa mayi a maswiti. Ndikaime kutsogolo ndinene kuti maswiti amawononga mano, inu muli panja pomwepo ndi beseni? Beseni limeneli ndi limene landifikitsa pano. Ndingakunyozeni bwanji pamaso pa ana?"

Misozi inali itayamba kutsika. Ine ndinayankha msanga, monga mayi aliyense angayankhire, kuti Lachisanulo sindipita ku geti, ndikhala kunyumba ngati ndili ndi malungo. Iye anapukusa mutu.

"Ndiye bodza lija mwangonditengera. Lolemba mubwereranso, ana aona kuti zimene ndinanena zinali zongofunira malikisi."

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinamuuza kuti apite akavule, asanene za kudwala kwa munthu aliyense, nkhaniyi aisiye m'manja mwanga.

Lachitatu ndinapita ku mapemphero a amayi ku Nkhorongo, koma sindinamve zimene analalikira. Ndinkangolimbana ndi mtima wanga. Ndinkati, Ambuye, malonda amenewa ndimawadziwa, ana amawathamangira, sawola, sasasa, akatsala lero ndimagulitsa mawa. Ndikawasiya ndiyamba chiyani pa msinkhu uno? Koma ndikayendetsa lilime pa mpata wa mano anga, ndinkaona nkhope za ana a Sitandade 1 amene amabwera atagwira tsaya n'kugulabe switi. Ine ndinkawagulitsa, n'kuwauza kuti avumate madzi amchere. Sindinali munthu woipa, ndinkangochita zimene ndinkadziwa. Koma tsopano ndinali nditadziwa zina, ndipo amene anandidziwitsa ndi mwana amene ndinalimbana ndi bambo ake kuti apite kukaphunzira. Ndikanamutumiza bwanji kukatunga madzi, n'kukana kumwa atabwera nawo?

Lachinayi ndinalawirira kumsika waukulu, kumene magalimoto ochokera kwathu kunyanja amatsitsa nthochi. Ndinapikula nthochi, mtedza wosasenda ndi chinangwa chophika mawa lake. Kuchoka apo ndinapita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yathu, bambo amene takhala tikupatsana moni pa geti zaka zonsezi, n'kuwapempha kuti andilole kulowa m'kalasi mawa.

"Mukufuna kudzaonerera mwana, amama?"

"Ayi bwana, ndikufuna kudzaonetsedwa."

Anayankha kuti ngati a kuchipatala alola, iwo alibe vuto. Mwana wanga ndinangomuuza kuti akafuna chitsanzo cha m'kamwa mowonongeka, asavutike kujambula pa bolodi, ine ndilipo. Anakana kawiri. Kachitatu ndinamuuza kuti ine ndi mayi ake, ndipo ndanena.

Lachisanu m'mawa nditavundukula beseni, anzanga a mandasi anaomba m'manja. "Ehe! Mwasanduka a kuchipatala nanunso? Mawa mutiuza kuti mandasi amathothola tsitsi!"

"Mandasi anu tiwasiya kaye," ndinatero, "tikuyamba ndi ochimwa aakulu."

Nthawi itakwana anandiitana. Linali kalasi la Sitandade 4, ana odzaza mpaka pakhomo, ena atakhala pansi. Kumbuyo kunali mayi wa magalasi wochokera kuchipatala, amene ankayang'anira ophunzira, atagwira pepala ndi cholembera. Ine ndinaima pafupi ndi zenera. Mwana wanga anayamba bwino. Anatulutsa chibwano chachikulu chapulasitiki ndi mswachi, n'kuonetsa mmene amatsukira, mozungulirazungulira, osati mokhula ngati mphika. Ana anaseka, anayesezera ndi zala. Koma atangofika pa shuga ndi maswiti, kamtsikana kena ka kutsogolo kanakweza dzanja, osadikiranso kuloledwa.

"Madamu, koma maswitiwo timagula kwa amama anu!"

Kalasi lonse linaphulika. Ena ankamenya madesiki, ena ankandiloza. Mayi wa magalasi anakweza mutu. Mwendo wanga unkafuna khomo lotulukira, sindinama. Koma ndinayenda kupita kutsogolo, ndinakoka mpando wa aphunzitsi n'kukhalapo.

"Zoona zimenezo, mwanangu," ndinatero. "Ndinkagulitsa ndine, ndinkadyanso ndine. Tsopano bwerani muone zimene ndinakolola."

Ndinachotsa chitenje pakamwa. Zaka zonse zija ngakhale amayi anzanga a kwaya sanaonepo m'kamwa mwanga. Mwana wanga anandiyang'ana, ine n'kumugwedezera mutu. Anavala magolovesi, anatenga kagalasi kake kakang'ono, ndipo ndi mawu amene sindinamumvepo akulankhula kunyumba anati, "Amama, yasamani."

Ndinayasama.

Ana anabwera mzere ndi mzere. Phokoso lija linatha. Iye ankaloza n'kumafotokoza: apa panali mano awiri, anazulidwa chifukwa anafika mochedwa kuchipatala, ili labowoka koma likhoza kupulumuka, apa usinini watupa chifukwa cha zouma izi. Sananene mawu ondichepetsa ngakhale amodzi. Anawauza kuti mayi akewa palibe anawaphunzitsa ali mwana, koma iwo lero aphunzitsidwa. Nsagwada zinandiwawa, malovu ankadzaza, maso ndinangolozetsa kudenga n'kumawerenga malata. Kamtsikana kofunsa kaja katafika kanayang'anitsitsa, n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Zimawawa, agogo?" Ndinagwedeza mutu, chifukwa munthu woyasama sayankha.

Titatuluka, mayi wa magalasi uja anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Yewo chomene, amama," anatero. "Koma dzino lija lam'mbali musalichedwetse. Mubwere Lachiwiri, wophunzira wanga yemweyu alikonze ine ndikuona."

Ndinapita. Aka kanali koyamba kukhala pampando wa kuchipatala cha mano n'kutulukamo mano anga onse amene ndinalowa nawo ali m'kamwa. Anandichotsa zouma zija, anandimata dzino, mwana wanga yemwe, dzanja lake lopepuka ngati akusoka nsalu yopyapyala. Gawo lija la kuphunzitsa anakhoza.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinasanduka zokoma. Maswiti sanathe pa geti, alipo ena amagulitsa, ndipo ana ambiri amandidutsa n'kupita komweko. Nthochi zikapsa kwambiri zimada, chinangwa chikagona chimasasa, masiku ena ndimabwerera ndi beseni lolemera, banja lonse n'kudya nthochi mpaka bambo ake kudandaula kuti asanduka pusi. Anzanga a mandasi amandiuza kuti ndiike kapaketi kamodzi pansi pa nsalu, ka makasitomala akale okha. Ndimaseka n'kukana. Ndipo masiku ano ndikamaseka sindibisa pakamwa, mu kwaya ndimaimba mutu uli m'mwamba. Ana ena akafika pa beseni amayamba andionetsa mano kuti ndione ngati atsuka, ine wa Sitandade 6 n'kumayendera mano pa geti.

Pamene ndikulemba izi mwana wanga wabwerera ku Lilongwe, mayeso omaliza ali pafupi. Akakhoza padzakhala kudikira kuti amutumize kumene akagwire ntchito, ndipo tikumva kuti kudikirako nthawi zina kumatalika. Ine sindibwerera m'mbuyo, beseni la maswiti ndinalitsuka ndipo lidzakhala la nthochi. Inu amene mwawerenga mpaka apa, mukamagwada mutikumbukireko ife a ku Chibanja: mtsikanayu kuti mutu ndi manja zisamunjenjemere tsiku la mayeso, bambo ake ndi matabwa awo, ang'ono ake amene akubwera m'mbuyo, ndi ine mayi wawo, kuti ndipirire pa geti paja mpaka mwana adzavale zoyera zakezake.