Chitseko cha Bambo ku Lungwena

Ndinachoka ku Lungwena nditakangana ndi mwini maboti amene ndinkamupalira matabwa. Ananditchula waulesi, ine ndinamuponyera pulena yake m'madzi. M'mawa mwake ndinauza bambo kuti ndikupita ku Tanzania. Anangoti, "Mtima wakowo upite nawo, usatisiyire."

Ku Dar es Salaam sindinakhalitse. Mnzanga wina anandiwolotsa kupita ku Zanzibar, kwa fundi wokonza zitseko zakale. Mzinda wakale wa kumeneko ndi wa nyumba zosanja za miyala ya m'nyanja ndi laimu, makonde a matabwa ali lende m'mwamba, tinjira topanikizana moti ngolo ziwiri sizingadutsane. Pali linga lalikulu pafupi ndi doko, alendo amangolijambula tsiku lonse. Koma chimene chinandiimitsa ine ndi zitseko: zolemera, zosemedwa maluwa ndi unyolo m'mphepete, zina zokhomedwa misomali ya mkuwa. Chitseko cha nyumba ya bambo kwathu chinali chotero ndithu, kungoti chocheperapo. Agogo awo a bambo ankayenda malonda mpaka kugombe limenelo. Ife tili ana tinkachimenya ndi mpira.

Ndinkadya ndekha, n'kugona m'kachipinda konunkha vanishi. Ndalama zikapezeka ndinkatumiza, zikasowa ndinkazimitsa foni. Mng'ono wanga Yusufu atandiuza kuti akuika chitseko chachitsulo, ndinakalipa. "Chakalecho musachiwaze nkhuni. Ndikadzachipeza chitawonongeka, tidzaonana!"

Bambo anamwalira ndili komweko. Kwathu maliro sagona, uthenga unandipeza ataikidwa kale. Ndinakhala pakhoma la kudoko mpaka fundi anabwera kudzanditenga.

Chaka chatha ndinabwerera, m'chikwama muli sandipepa ndi botolo la mafuta opaka matabwa. Chitsekocho ndinachipeza kuseri kwa nyumba, chitatsamira khoma, pakati pake patayera ndi madzi ndi sopo. Ndinapsa mtima.

"Iwe Yusufu! Mumachapirapo zovala? Ukudziwa kuti ku Zanzibar azungu amakwera ndege kudzangoona chitseko ngati ichi?"

 M'nyumba munatuluka mayi, akukonza mpango kumutu.

"Wayamba kale? Ngakhale madzi sunamwe." Anaika dzanja pachitsekocho. "Bambo ako anawasambitsira pamenepa. Thabwa la kumzikiti linali kumaliro ena tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo, a m'mudzi muno akafedwa amabwera kudzabwereka. Inenso mudzandigoneka pomwepa, ndiye usachipake zonunkha zakozo."

Ndinayang'anitsitsa banga loyeralo. Linali la msinkhu wa munthu, wofupikirapo pang'ono kuposa ine, ngati mmene analili bambo.

Sandipepa uja ndinapatsa Yusufu kuti akapalire boti. Ine ndinadula mitengo, n'kufolera kadenga kuseri kuja kuti mvula isachipeze.