Mmene Atate Anaphunzirira Kuchova Njinga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene atate anasamutsidwa pa ntchito kuchoka ku Lusaka kupita ku Luangwa Boma, kumene akuluakulu ankakutchulabe kuti Feira. Ntchito yawo inali yobaya ndi kuchiza ziweto. Ine poyamba ndinadana nako kumaloko. Kutentha kwake kunali koti ngakhale mphepo yochokera ku Zambezi inkafika yofunda, ndipo zovala zathu zonse zinkanunkha nsomba zouma.

Chimene chinandikondetsa malowo chinali njinga ya a Domingo, oyandikana nawo nyumba, amene makolo awo anachokera tsidya lina la mtsinje, ku Zumbo. Ankagula nsomba kwa asodzi kudooko nʼkukagulitsa kumsika. Akaweruka ankandilola kuchova njinga yawo, malinga ndiyambe ndapukuta mamba pa keliyala. Ndinaikonda njingayo ngati munthu. Ndinadziwa kubwezera tcheni chikagwa, kumata chubu, ngakhale kutsika kamtunda ka kumsika nditasiya mahandulo. Anyamata a pa Boma ankandipatsa ulemu, ndipo mtsikana wachilendo ngati ine ndinalibe china chonyadira koposa chimenecho.

Chaka chomwecho mbuzi zinayamba kufa mʼmidzi ya ku Mburuma. Galimoto ya ku ofesi inali itafa kale, choncho atate anapatsidwa njinga yatsopano, yakuda, belu lake lonyezimira. Anabwera nayo kunyumba akuikankha. Ndinayesa kuti akuopa kuidetsa. Tikudya madzulo mʼpamene anatiuza kuti chibadwire sanakwerepo njinga. Anakulira mʼkomboni kwa azakhali awo, kumene kunalibe wina woti nʼkuwabwereka.

Mʼmawa mwake anayesa okha pamsewu wodutsa kumsika. Ine ndinali pomwepo, amayi atandituma tomato. Ndinawaona akubwera akupepesuka, tayi ili mʼkhosi, miyendo ikufunafuna mapedulo, mpaka anakagwera mʼdengu la nsomba za mayi wina. Msika wonse unafa ndi phwete. Ndinabisala kuseri kwa matumba a makala, nkhope ikundiotcha kuposa dzuwa lija.

Kusukulu nkhani inali itafika kale. Mnzanga Juliyeta ankayenda mokhotakhota atagwira mahandulo a mʼmalere, ena nʼkumakuwa kuti, “Patukani panjira, adokotala a mbuzi abwera!” Tsiku limenelo sindinatuluke mʼkalasi nthawi yopuma.

Nditafika kunyumba atate anandiitana. “Tisa, akuti iwe ndiwe katswiri. Tiye ukandiphunzitse pa bwalo la mpira.”

“Atate, bwanji tipite kuseri kwa mitengo ya malambe uko? Kulibe anthu.”

“Kuja nʼkwamchenga, mwanangu. Polimba ndi pa bwalo.”

Tinapita dzuwa likadali pamwamba. Ndinagwira keliyala nʼkumathamanga pambuyo pawo nditazolika, maso ali pa tayala. Ana anasiya mpira nʼkutizungulira. Azimayi ochokera kumtsinje anaima, ndowa zili pamutu. Atate akagwa, phokoso linkakwera ngati wina wagoletsa chigoli. Iwo ankadzuka, kusasa fumbi pa buluku, nʼkukweranso. Malaya awo oyera anamatirira kumsana ndi thukuta, chigongono chikutuluka magazi.

Atagwanso pafupi ndi golo, misozi inandilengeza. “Atate, tiyeni kunyumba. Anthu akutiseka.”

Anandiyangʼana ali chikhalire pansi, akupuma mwawefuwefu. “Ukuganiza kuti sindikuwamva? Nanenso manyazi akundigwira, mwina kuposa iwe. Koma dzulo kunabwera bambo wina wa ku Mburuma, wayenda pansi ulendo wonsewo kudzandiuza kuti mʼkhola mwake mwatsala mbuzi zochepa, ndipo ndi zomwe amaphunzitsira ana. Ndikamuuze kuti sindinabwere chifukwa ana a sukulu amandiseka? Gwira njinga.”

Ndinagwira. Tinabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka oonerera anayamba kuchepa chifukwa nthabwala inali itasukuluka. Tsiku lina ndikuthamanga ndinazindikira kuti manja anga sakugwira kanthu. Atate anali patsogolo, akupita okha mokhotakhota, akukuwa kuti, “Usasiye, Tisa, usasiye!”

Pasanapite nthawi ananyamuka mʼmamawa, bokosi la mankhwala atalimanga pa keliyala ndi malamba a chubu. Amayi anawatsatira mpaka pamsewu akuwachenjeza za njovu. Anakakhala masiku angapo akuzungulira midzi. Pobwera milomo inali itangʼambika ndi ludzu, mawondo ali ndi zipsera zatsopano, ndipo kumbuyo kunali thumba la masau limene anthu a kumeneko anawapatsa. Anati mbuzi zambiri anazipeza zitafa kale, koma zina anazipulumutsa.

Atate sanakhalepo katswiri wa njinga. Mpaka kupuma ntchito, akafuna kutsika ankayamba afunafuna mtengo kapena khoma loti agwire, ndipo dzina lija la adokotala a mbuzi silinawachoke. Ine ndinapitiriza kuchita nawo manyazi kwa nthawi yaitali ndithu. Akamadutsa pasukulu akuliza belu, ndinkayangʼana kumbali.

Lero ndimakhala ku Lusaka, ndipo ndimapita ku ntchito pa njinga tsiku lililonse, ndikudutsa pakati pa maminibasi oima pamzere. Makondakitala amandikuwiza kuti, “Amayi, mwasowa ya basi?” Anzanga a mu ofesi amafunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndidzagula liti galimoto. Mawu otere amandilasabe, sindinama. Kale ndinkaganiza kuti anthu olimba mtima ndi amene sachita manyazi. Tsopano ndikudziwa kuti atate ankawamva manyazi onse aja, mwana wawo yemwe akuwathawa ndi maso, koma ankakwerabe, chifukwa kutsogolo kunali munthu amene akuwadikira.